Gasi Wophikira Asanafike M'silinda: Mmene Amisiri a M'mafakitale a Gasi Amaphunzitsidwira

Lachisanu pa 25 September 1998, cha m'ma 8 koloko m'mawa, mapampu a mafuta anazima pa fakitale yoyeretsera gasi ya Longford, m'chigawo cha Victoria ku Australia. Pampu kuzima si zachilendo pa fakitale, choncho amisiri amene anali pa shifiti anayamba kulimbana nawo kuti adzuke. Panadutsa maola pafupifupi anayi. M'maola amenewo, mapaipi ndi zitsulo zimene masiku onse zimatentha moti munthu sangazikhudze zinayamba kuyera mbuu ndi madzi oundana. Anthu anaziona ndi maso awo, koma panalibe amene anadziwa kuopsa kwa chisanucho.

Itangodutsa 12 koloko masana, pampu ina itadzuka, mafuta otentha analowa m'chipangizo chosinthanitsa kutentha chotchedwa GP905, chimene chinali chitazizira kufika madigiri 48 pansi pa ziro. Chitsulo chinang'ambika. Gasi anafalikira mpaka kukakumana ndi moto wa m'ng'anjo za pafakitalepo. Anthu awiri anafa, 8 anavulala, ndipo moto unayaka masiku awiri. Mabanja ndi mabizinesi a chigawo chonse, kuphatikizapo mzinda wa Melbourne, anakhala masabata awiri opanda gasi, ena kuposerapo.

Kampani ya Esso, imene inkayendetsa fakitaleyo, inaloza chala opareta amene anali m'chipinda chowongolera makina. Koma bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Sir Daryl Dawson, amene anali woweruza wa khoti lalikulu la Australia, linapeza zina mu lipoti lake la 1999. Maoparetawo pamodzi ndi akapitawo awo sanaphunzitsidwe kuti chitsulo chikazizira mopitirira muyezo chimasiya kupindika, chimangothyoka. Mu 2001 khoti la Victoria linalamula Esso kulipira chindapusa cha madola 2 miliyoni a ku Australia.

Kuti munthu amvetse chimene chinachitika, ayenera kudziwa ntchito imene fakitale yotere imagwira.

Gasi wotuluka pansi pa nthaka sakhala wamtundu umodzi. Wochuluka ndi methane, amene amapita m'mapaipi kukayatsa magetsi ndi kuyendetsa mafakitale. Koma amabwera atasakanikirana ndi ethane, propane, butane ndi mafuta ena opepuka, komanso madzi, mpweya wa carbon dioxide, nthawi zina mpweya wakupha wa hydrogen sulphide ndi timadontho ta mercury. Eni mapaipi safuna zonsezi, chifukwa zina zimasanduka zamadzimadzi m'njira n'kutseka paipi. Komanso zinthuzi zili ndi msika wawokha. Ethane amapangira mapulasitiki. Propane ndi butane ndiye gasi wophikira, yemweyu amene amayi a ku Lilongwe ndi Blantyre amakadzazitsa m'masilinda pothawa kukwera mtengo kwa makala ndi kuzimazima kwa magetsi. Gasi wophikira wambiri padziko lonse amachokera m'mafakitale otere, wotsalayo m'mafakitale oyenga mafuta a galimoto.

Chinsinsi cha kulekanitsa chagona pa kuzizira. Mtundu uliwonse wa gasi uli ndi mlingo wake umene umasandukira wamadzimadzi. Butane amasanduka pafupi ndi ziro, propane pa madigiri 42 pansi pa ziro, ethane pa 89, pamene methane amalimbalimba mpaka 162. Ukaziziritsa gasi wosakanikirana kufika cha m'ma 90 kapena 100 pansi pa ziro, zolemerazo zimagwa ngati zamadzimadzi, methane n'kupitirira yekha.

Mafakitale akale, monga gawo loyamba la Longford limene linayamba ntchito mu 1969, ankagwiritsa ntchito mafuta oyamwa otchedwa lean oil. Mafutawa amawathira pamwamba pa nsanja yachitsulo, gasi akukwera kuchokera pansi, ndipo akamakumana mafuta amayamwa propane ndi butane. Kenako amawatenthetsa kuti alavule zimene ayamwazo, n'kuwabweza kuti akayambirenso. Ku Longford mafuta otenthawa ndiwo ankasunga zipangizo zina zili zofunda. Atasiya kuyenda, zamadzimadzi zozizira zinapitirizabe kudutsa m'zitsulo zimene sizinapangidwire chisanu chotero.

Mafakitale ambiri a masiku ano amadalira makina otchedwa turboexpander, amene anayamba kugwira ntchito imeneyi ku Texas mu 1964. Gasi wopanikizidwa kwambiri amamudutsitsa pa gudumu la mapiko lozungulira maulendo masauzande ambiri pa mphindi imodzi. Pozunguza gudumulo gasi amataya mphamvu n'kuzizira mwadzidzidzi, ndipo mphamvuyo sitayika, imayendetsa kompuresa imene ili pa mtanda womwewo. Njira imeneyi imatha kuchotsa pafupifupi propane yense ndi ethane woposa magawo 90 pa 100 alionse.

Zamadzimadzizo zikapezeka zimadutsa m'nsanja zingapo zotsatizana. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa sangavutike kumvetsa: pansi pali moto, chopepuka chimayamba kuuluka ngati nthunzi, chimakakumana ndi kuzizira n'kudontha pachokha, ndipo moto ukachuluka zosafunika zimakwera nawo. Nsanja yoyamba imachotsa methane wotsalira, yachiwiri ethane, yachitatu propane, yachinayi butane. Kutentha kwa pansi pa nsanja kukasintha pang'ono chabe, katundu wa tsiku lonse akhoza kukanidwa ndi ogula.

Munthu woyendetsa zonsezi amaphunzira kwa zaka. Ku America ambiri amayambira m'makoleji a zaluso, kumene amachita maphunziro a zaka ziwiri a kayendetsedwe ka mafakitale, makamaka m'madera a Texas ndi Louisiana. Akalembedwa ntchito samukhazika pa kompyuta ayi. Amayamba panja, atavala ovolosi yosagwira moto, chipewa cholimba, ndi kachipangizo kolira kakamva gasi kali pachifuwa. Amamupatsa chojambula cha mapaipi n'kumuuza kuti atsate paipi imodzi ndi miyendo yake, kuyambira pamene yalowera mpaka pamene yathera, akukhudza valavu iliyonse ndi kunena ntchito yake. Tsiku lina mphunzitsi amamulanda pepalalo kuti ajambule yekha za pamtima. Amaphunziranso kumva ndi khutu pampu imene yayamba kudwala, ndi kusiyanitsa chisanu cha masiku onse pa paipi ndi chisanu chimene chaoneka pamalo osayenera.

Phunziro lalikulu ndi la madzi. Pa kuzizira kotere, ngakhale kachinyezi kochepetsetsa kamaundana. Choipa china n'chakuti madzi akakumana ndi methane wopanikizidwa amapanga zibuma zoyera zotseka paipi, ngakhale kuzizira kusanafike pa ziro. N'chifukwa chake gasi amayamba wadutsa m'mathanki odzaza ndi timikanda toyamwa chinyezi. Thanki ina ikamaumitsa gasi, inzake imakhala ikuumitsidwa ndi gasi wotentha, kenako zimasinthana. Wophunzira amaonetsedwa manambala awiri pa kompyuta, mphamvu ya gasi polowa m'chipangizo chozizira ndi potuluka. Kusiyana kwake kukamakula pang'onopang'ono usiku wonse, ndiye kuti m'katimo mwayamba kuundana. Ayenera kudziwa koyang'ana: kodi valavu yosinthira mathanki ikudontha, kapena timikanda takalamba? Angathe kuthira methanol kuti asungunule, koma akapanda kupeza gwero, vutolo limabweranso mawa lake.

Zitsulo zake nazonso zili ndi khalidwe lake. Zipangizo zoziziritsira zimapangidwa ndi aluminiyamu, amene amapirira chisanu koma amadana ndi mercury ndiponso kusintha kwa kutentha kwadzidzidzi. Pa 1 January 2004 fakitale ya Moomba, ku Australia komweko, inapsa mercury atadya aluminiyamu wa gawo lochotsera zamadzimadzi. Mu June 2016 fakitale ya ku Pascagoula, m'chigawo cha Mississippi ku America, inaphulika chipangizo chotere chitatopa ndi kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza, ndipo inatsekedwa kwa miyezi pafupifupi 6. Choncho wophunzira amauzidwa kuti podzutsa fakitale aziziritse mwapang'onopang'ono, kwa maola ambiri, ngakhale akuluakulu akuimba foni kufunsa kuti katundu ayamba liti kutuluka.

Apa m'pamene makompyuta oyeserera athandiza kwambiri. Chipinda chophunzirira chimafanana ndendende ndi chipinda chenicheni chowongolera makina, manambala ake akuyenda monga mmene fakitale ingachitire. Mphunzitsi amakhala kuseri n'kumayambitsa mavuto. Azimitsa pampu. Aimitsa geji imodzi kuti izionetsa nambala yomweyomweyo pamene thanki ikudzaza. Azimitsa turboexpander kuti aone ngati wophunzira atsegula njira yolambalala mu nthawi yake. Fakitale yabwino imatha chaka chathunthu kapena kuposa osazima, ndiye opareta akhoza kukhala nthawi yaitali asanaonepo ngozi yeniyeni. Pa kompyuta yoyeserera amaziona kangapo pa sabata, amalakwitsa, fakitale yongoyerekezayo n'kuwonongeka, kenako amakhala pansi ndi mphunzitsi kukambirana chimene chinachitika m'kati mwa nsanja pamene iye anakhudza batani.

Kukambiranako n'kofunika kuposa batani, ndipo umboni wake uli ku Longford. Maopareta a kumeneko ankalemba mayeso n'kumakhoza. Koma kafukufuku anaonetsa kuti munthu ankatha kuloweza yankho lolondola osamvetsa tanthauzo lake. Ankadziwa kunena kuti chipangizo chikhoza kuwonongeka ndi kusintha kwa kutentha, koma sankadziwa kuti kuwonongekako ndiko kung'ambika kwa chitsulo chochindikala m'kanthawi kochepa. Katswiri wa za chitetezo cha pantchito, Andrew Hopkins, anaifotokoza bwino nkhaniyi m'buku lake la Lessons from Longford la mu 2000. Mayeso otere amakondweretsa ofesi, chifukwa mapepala amaonetsa kuti aliyense anaphunzira, koma samuthandiza munthu amene waima pafupi ndi chitsulo chozizira. Mphunzitsi wabwino samangofunsa kuti utseke valavu iti. Amafunsanso chifukwa chake, ndi chimene chingachitike ukapanda kutseka.

Panali zinanso zimene zinawasiya okha maoparetawo. Mu 1992 Esso inasamutsa mainjiniya ake kuchoka pafakitale kupita ku Melbourne, choncho munthu wodziwa khalidwe la zitsulo amene akanadutsa n'kuona madzi oundana aja panalibe. Kafukufuku wa ngozi zimene zingachitike pa gawo loyambalo, amene anakonzedwa kuti achitike mu 1995, anangokankhidwira kutsogolo. Maalamu ankalira mazanamazana patsiku, mpaka anthu anazolowera kugwira ntchito alamu ikulira. Malangizo otchedwa EEMUA 191, amene anatuluka ku Britain mu 1999, amati fakitale ikamayenda bwinobwino opareta asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10 zilizonse. N'zovuta kumvetsa kuti munthu mmodzi angasankhe bwanji alamu yoopsa pakati pa phokoso ngati la ku Longford lija.

Malamulo anatsatira. Chigawo cha Victoria chinakhazikitsa mu 2000 lamulo lokakamiza mafakitale oopsa kuonetsa poyera mmene akupewera ngozi zazikulu asanapatsidwe chilolezo. Ku America lamulo la 1992 la bungwe la OSHA limafuna kuti opareta abwereze maphunziro zaka zitatu zisanathe, ndiponso kuti kampani ilembe njira imene yatsimikizira kuti munthuyo wamvetsadi. Makampani osamala amaphunzitsanso zinthu zooneka zazing'ono, monga kupatsana shifiti. Wotuluka ndi wolowa amakhala pansi ndi buku, kuuzana alamu imene yatsekedwa dala, pampu imene ili m'manja mwa amakaniko, ndi nambala imene yakhala ikusuntha mosadziwika bwino. Wophunzira amauzidwanso mosabisa kuti ali ndi mphamvu yozimitsa fakitale akaona zosamvetsetseka, ndipo sadzalangidwa. Mawuwa amakhala ndi phindu pokhapokha mabwana akamawasunga tsiku limene kuzimitsako kwatayitsa ndalama.

Nkhaniyi yafika pafupi ndi kwathu. Malawi amagula kunja gasi yense wophikira, ndipo amabwera pa magalimoto. Koma kwa anansi athu ku Mozambique, m'chigawo cha Inhambane, kampani ya Sasol yakhala ikutulutsa gasi ku Temane kuyambira 2004, kenako ku Pande, n'kumamutumiza ku Secunda ku South Africa pa paipi ya makilomita 865. Fakitale ya ku Temane yakhala ikuchotsa madzi ndi mafuta opepuka, kenako n'kupanikiza gasi kuti ayende. Ntchito yatsopano ya m'boma la Inhassoro inakonzedwa kuti izitulutsa matani 30,000 a gasi wophikira pachaka, komanso kupereka gasi ku siteshoni ya magetsi ya Temane ya mamegawati 450. Kulekanitsa propane ndi butane ndi ntchito ina poyerekeza ndi kuumitsa gasi, moti ngakhale opareta amene wagwira ntchito ku Temane zaka 20 akapita ku fakitale yatsopanoyo ayenera kubwerera m'kalasi, kutsata mapaipi atsopano ndi miyendo, ndi kuyesedwa pa nsanja iliyonse payokha asanapatsidwe mpando wa m'chipinda chowongolera.