Nambala Payokha Sikwanira, Tifunse Muyezo Wake

Pa 23 Julayi 1983 ndege ya Air Canada inali pa ulendo wochoka ku Montreal kupita ku Edmonton, itanyamula anthu 69. Ili m'mwamba, injini zake zonse ziwiri zinazima chifukwa mafuta anatha. Oyendetsa anaiwongolera ikuyandama mumlengalenga mpaka kukatera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli. Mwamwayi palibe amene anataya moyo.

Kodi chinalakwika n'chiyani? Chipangizo choonetsa kuchuluka kwa mafuta chinali chitawonongeka, choncho anthu anachita kuwerengera okha. Ulendowo unkafuna mafuta olemera makilogalamu 22,300, koma iwo anawerengera m'mapaundi, muyezo umene anauzolowera kale. Paundi imodzi ndi magalamu 454 okha, sikwana n'theka lomwe la kilogalamu. Nambala inaoneka yolondola, koma mafuta anali osakwana ngakhale theka.

Abale ndi alongo, ife sitiyendetsa ndege, komabe kulakwitsa kotereku kumachitikanso m'makomo mwathu. Tiyambe ndi mwana akadwala. Pa botolo la mankhwala pamalembedwa mamililita, pamene ife tinazolowera supuni. Supuni ya tiyi yoyezera ndi mamililita 5, pomwe yaikulu ndi 15. Mayi akasinthanitsa ziwirizi ndiye kuti mwana wamwa mankhwala a maulendo atatu nthawi imodzi. Komanso masupuni athu a kukhitchini amasiyana kukula. Tizigwiritsa ntchito kachikho kobwera ndi mankhwalawo, ndipo ngati sitinamvetse, tifunse tisanachoke kuchipatala.

Kumunda nakonso n'chimodzimodzi. Malangizo a feteleza ndi mbewu kawirikawiri amaperekedwa pa hekitala, pamene ambirife minda yathu timaidziwa m'maekala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Mlimi wothira feteleza wa hekitala pa ekala imodzi wataya ndalama, ndipo mbewu zake zitha kupsa. Pogula nsalu kapena chingwe cha ukonde tikumbukirenso kuti yadi ndi masentimita 91, pomwe mita ndi 100. Wogula mayadi 10 akuyesa mamita wasiya pafupifupi mita yathunthu m'sitolo.

Ngakhale Ramadhan ikamatha timafunika luso lomweli. Zakatul Fitr imayezedwa ndi swaa, umene ndi muyezo wa chotengera osati wa sikelo. Swaa imodzi ndi kutapa kanayi ndi manja awiri odzaza. Mpunga ndi chimanga zikadzaza chotengera chimodzi sizilemera mofanana. N'chifukwa chake masheikh poisandutsa kukhala makilogalamu amatchula pakati pa awiri ndi theka ndi atatu. Tikaperewera, wochepekedwa ndi mmphawi amene amayembekezera chakudyacho pa tsiku la Eid.

Tsono chizolowezi chimene tingachite bwino kukhala nacho n'chosavuta. Tikamva nambala, tizifunsa kuti "ya chiyani?" Tilembe miyezo imeneyi m'kope ndi kulisunga pamalo podziwika. Ana athu a sukulu amaphunzira zimenezi m'masamu, choncho tiziwaitana atithandize kuwerengera pogula ndi poyeza. Akaona kuti masamu awo asunga ndalama za pakhomo, adzawakonda koposa.