Dzina la Katswiri wa Kadyedwe ka Odwala ndi Mawu Okhudza Chiphaso Chake

Mwa ntchito za m'chipatala zimene zakhazikika m'dziko muno posachedwapa, ilipo ina imene mpaka lero ilibe dzina lodziwika m'Chicheŵa. Mwini ntchitoyo pa Chingerezi amatchedwa dietitian. Maphunziro ake anayamba mu 2016 ku Bunda, pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, mogwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre ndi Tufts University ya ku America, ndipo tsopano akuphunzitsidwanso ku Kamuzu University of Health Sciences. Chisanafike chaka chimenecho, Mmalaŵi wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja. Omaliza maphunzirowa amalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 loyang'anira madokotala, a mano ndi ena othandiza pa chipatala. Bungweli limasunga maina a oyenera kugwira ntchito, limavomereza maphunziro awo, limamva madandaulo a odwala, ndipo limalanga olakwa.

Lamulolo linalembedwa m'Chingerezi, ndipo dzina lolembedwa m'mabuku a bungwelo ndi la Chingerezi. Wodwala wa ku Bembeke kapena ku Mayani samva dzina limenelo. Iye amamva zimene muulutsi wanena pa wayilesi, zimene womasulira walemba pa chikwangwani cha pachipatala, ndi zimene mphunzitsi wauza mwana wake m'kalasi. Ngati onsewa atchula munthu wolembetsedwa ndi munthu wongodzitcha yekha ndi dzina limodzi, chitetezo chimene lamulo likufuna kupereka chimathera pa khomo la ofesi. Apa ndi pamene nkhani ya zaumoyo ikusandukira nkhani ya alembi, akonzi ndi aphunzitsi.

Choyamba ndi kumvetsa chifukwa chimene ntchitoyi ikufunira chiphaso, pamene nkhani ya chakudya imaoneka ngati yodziwa aliyense. Uthenga umene Amalaŵi ambiri anauzolowera ndi wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Uthengawu ndi wabwino, ndipo dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbira silingaleke kuulalikira. Komatu ndi uthenga wa kwa anthu onse. Ukalowa m'chipinda cha odwala umayenera kusinthidwa molingana ndi munthu mmodzimmodzi, ndipo nthawi zina umatembenuzika kumene.

Mapiri a Dedza akupereka chitsanzo choonekeratu. Kumeneko kumazizira, ndipo mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi ndizo zimadzaza misika ya m'mbali mwa msewu. Kwa mwana wa sukulu, kachewere wofutsa ndi ndiwo zamasamba ndi chakudya chomuyenera. Kwa bambo amene impso zake zafooka, makamaka amene amapita ku makina osefa magazi ku Kamuzu Central Hospital, kachewere yemweyo angathe kumuika pa ngozi, pakuti ali ndi mchere wa potaziyamu wochuluka, monganso tomato, nthochi ndi mapeyala. Impso zofooka zimalephera kuutaya mcherewo, ndipo ukachuluka m'magazi umasokoneza kagundidwe ka mtima. Wophunzira ntchitoyi sangomuletsa bamboyo chakudya cha kwawo. Amayamba waona zotsatira za magazi ake, kenaka amamuuza muyeso woti adye, ndiponso kuti kachewereyo asendedwe, aduliridwe ting'onoting'ono, awiritsidwe m'madzi ambiri, madziwo n'kutayidwa, kuti potaziyamu achepe. Munthu wamtima wabwino koma wosaphunzira akhoza kumulimbikitsa bambo yemweyo kuti azidya zipatso zambiri kuti apeze mphamvu.

N'chimodzimodzi ndi mwana wonyentchera kwambiri, makamaka wotupikana. Mtima wa kholo umafuna kuti mwanayo adye msanga ndi kukhuta. Achipatala amayamba ndi mkaka wa F-75 pang'onopang'ono, ndipo thupi likakhazikika amasamukira ku F-100 kapena chiponde, chifukwa thupi lotheratu likalandira chakudya champhamvu mwadzidzidzi mtima umatha kulephera. Wodwala shuga, wothamanga magazi, ndi wodyetsedwa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, aliyense ali ndi muyeso wakewake. Pamenepa chakudya chafanana ndi mankhwala, ndipo boma silisiya mankhwala m'manja mwa aliyense: a ntchito ya mankhwala ali pansi pa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, monga anamwino ndi azamba ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi.

Maganizo akuti malangizo a chakudya ali ndi eni ake si achilendo pakati pa Acheŵa ndi Angoni a ku Dedza. Za kusala mchere poopa mdulo, kapena zimene mayi woyembekezera sayenera kudya, zinkachokera kwa anamkungwi ndi akuluakulu odziwika pamudzi, osati kwa munthu wongodutsa. Ena mwa malangizowo, monga kuletsa mayi woyembekezera mazira, achipatala amawatsutsa. Koma mfundo yakuti wolangiza azikhala wodziwika ndi woyankha pa zimene wanena inalipo kale.

Vuto la dzina likukula chifukwa Chingerezi chili ndi liwu lachiwiri, nutritionist, limene limatchula katswiri woona za kadyedwe ka anthu ambiri pamodzi: m'midzi, m'masukulu, m'mabungwe ndi m'maofesi okonza ndondomeko. Akatswiri oterewa Bunda yakhala ikuwaphunzitsa kwa zaka zambiri. Maiko amasiyana pa kayendetsedwe ka ntchito ziwirizi. Ku Britain dzina lakuti dietitian ndi lotetezedwa ndi lamulo pansi pa Health and Care Professions Council, pamene linalo aliyense akhoza kudzitcha. Ku South Africa onse awiri amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa. Ku Kenya lamulo la 2007 linakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira ntchito zonse ziwiri. Kulikonseko maina ndi awiri. Omasulira ambiri kuno amangolemba kuti "katswiri wa zakudya" pa onse awiri.

Mawu amenewa ndi otambalala kwambiri. Mkulu wophika ku hotela ndi katswiri wa zakudya. Woyesa ufa ndi mafuta m'fakitale nayenso ndi katswiri wa zakudya. Ngakhale wogulitsa timabotolo ta ufa wa masamba pa depoti sanganamizidwe bodza akadzitcha choncho. Liwu lakuti zakudya limaloza zinthu zimene zili m'mbale. Ntchito imene ikukambidwa pano imaloza munthu amene akudya: adye chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji, chokonzedwa motani. Chicheŵa chili nayo kale njira yotchulira zimenezi, ndiyo maina oyamba ndi ka- ndi kutha ndi -idwe kapena -edwe, monga kaphikidwe, kalimidwe ndi kalembedwe. Kuchokera ku mneni kudya pamabwera kadyedwe, ndipo ili ndilo tsinde loyenera kumangapo maina onse awiri.

Ena ayesa "mlangizi wa zakudya". Liwu lakuti mlangizi lili ndi mwini wake kale m'makutu a anthu: ndi uja amabwera pa njinga kudzaphunzitsa za manyowa, kapena wazaumoyo woyeza ana ku sikelo. Ndi liwu la kumunda ndi kumudzi, ndipo silisonyeza munthu amene amawerenga zotsatira za magazi ndi kulemba m'buku la wodwala. "Dokotala wa zakudya" ndi dzina lokoma m'kamwa, koma ndi loopsa koposa onse. Odwala amatcha kale "adokotala" aliyense wovala choyera, ndipo kulemba dzinali m'buku kapena m'nyuzipepala ndi kupatsa munthu udindo umene kaundula sanamupatse. Katswiriyu sachita opaleshoni, ndipo si iye amene amatchula matenda. Amagwira ntchito pamodzi ndi dokotala pa wodwala amene matenda ake adziwika.

Kubwereka liwu sikulakwa. Dokotala, nesi ndi opaleshoni ndi mawu obwereka, ndipo akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Motsata kalembedwe ka Chicheŵa liwulo likhoza kukhala dayetishani, ndipo ubwino wake ndi wakuti palibe wina analitenga kale. Chovuta n'chakuti m'matauni liwu lakuti dayeti linafika kale ndi tanthauzo lina, lodzimana chakudya pofuna kuchepetsa thupi. Mayi amene mwana wake wanyentchera akauzidwa kuti akaonane ndi dayetishani akhoza kudabwa kuti mwana wowonda chotere akamuchepetsanso chiyani. Kumudzi liwulo silinena kanthu.

Chotsala ndi "katswiri wa kadyedwe ka odwala" kwa wolembetsedwa wa m'chipatala, ndi "katswiri wa kadyedwe koyenera" kwa mnzake woona za anthu ambiri. Mawu omalizawa akumveka kale m'mauthenga a boma ndi a mabungwe. Pali zodandaula ziwiri. China n'chakuti dzinalo ndi lalitali; koma "mkulu wa apolisi" ndi "woweruza milandu" si maina afupi, ndipo anthu sawadandaula. Chachiwiri n'cholemerapo: katswiriyu amathandizanso anthu osadwala, monga ochita masewera ndi amayi oyembekezera. Zimenezi n'zoona, komabe dzina la ntchito silinyamula zonse zimene mwini wake amachita. Mzamba amaphunzitsanso za kulera, ndipo palibe amamuchotsera dzina lake. Chimene chikufuna chiphaso ndi kugwira munthu wodwala, ndipo dzina liyenera kuloza pomwepo. Akonzi a nyuzipepala achenjere pa mitu ya nkhani: kudula dzinali kuti litsale "katswiri wa kadyedwe" pofuna kusunga malo ndi kufufuta mbali imene ikusiyanitsa awiriwo.

Pa kalembedwe, liwu lakuti kadyedwe limagwirizana ndi ka- ndi ko-: kadyedwe kabwino, kadyedwe koyenera, kadyedwe ka ana. Madyedwe limagwirizana ndi a- ndi o-: madyedwe abwino, madyedwe oyenera. "Kadyedwe abwino", amene amaoneka pa zikwangwani zina, ndi kusakaniza magulu awiri a maina. Kunyentchera ndi kupinimbira si chinthu chimodzi: koyambako ndi kutha thupi chifukwa cha njala kapena matenda, kwachiwiriko ndi kufupika msinkhu mosalingana ndi zaka chifukwa cha kuperewera kwa zakudya kwa nthawi yaitali.

Mawu okhudza chilolezo nawonso amasokonezedwa. Munthu akamaliza maphunziro amalandira satifiketi, dipuloma kapena digiri, ndipo chimenechi ndi umboni wa sukulu chabe. Kenaka amalembetsa dzina lake m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchito. Liwu loyenera apa ndi kaundula, buku losungamo maina, osati kalembera, amene anthu amamudziwa ngati ntchito yowerenga anthu kapena yolemba oponya voti. Pomaliza pali chiphaso chogwirira ntchito, chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Digiri munthu amafa nayo, koma chiphaso chimatha, chimaimitsidwa, ndipo chimalandidwa. Dzina limafufutidwa m'kaundula. Mtolankhani wolemba kuti wina "amulanda satifiketi" pamene chalandidwa ndi chiphaso wanena chinthu chimene sichinachitike. Chilolezo ndi liwu lotambalala, loyenera ngakhale mwana wopempha kutuluka m'kalasi, pamene chitupa ndi chodziwitsa kuti munthu ndi yani, monga chitupa cha unzika. Alembi akumbukirenso kuti chilolezo chimalembedwa ndi l ngakhale patsogolo pake pali i, chifukwa l ameneyo ndiye woyamba wa tsinde -lola. Lamulo lolemba r pambuyo pa i ndi e limagwira m'kati mwa tsinde, monga mu kulembera ndi kuyang'anira.

Liwu lofunika kulisamala koposa ndi "wovomerezeka". Otsatsa malonda a mankhwala azitsamba ndi zakudya zowonjezera amakonda kunena kuti ndi "ovomerezeka ndi boma". Mawuwa akhoza kukhala oona ndithu, koma n'kumatanthauza chiphaso cha malonda cha ku khonsolo, kapena chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pa katundu wawo. Palibe mwa ziwirizi chimene chimalola munthu kuuza wodwala shuga kuti asiye mankhwala ake, kapena kulembera wodwala impso zakudya. Mkonzi asalole liwuli kuima lokha. Lizitsatiridwa ndi dzina la bungwe ndi chimene chavomerezedwa, monga "wolembetsedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi ngati katswiri wa kadyedwe ka odwala".

Ku Dedza nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Malire a boma limeneli ndi Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amatsata msewu waukulu, ndipo anthu a tsidya lino ndi lija amalankhula chinenero chimodzi, amagulitsana kachewere, ndipo amadutsa kukafuna chithandizo. Pa Chipwitikizi liwu lakuti nutricionista limatchulanso katswiri wogwira ntchito m'chipinda cha odwala, kotero womasulira kalata yochokera tsidya lija asafulumire kulifananiza ndi liwu la Chingerezi lomveka ngati lomwelo. Ayambe waona ntchito imene munthuyo amagwira. Ndipo katswiri wophunzira ndi kulembetsedwa ku Mozambique, monga wina aliyense wochokera kunja, amayenera kulembetsanso ku Medical Council of Malawi asanayambe kuona odwala tsidya lino.