Apolisi akati chiwawa chatsika, kodi chatsikadi?

Apolisi akalengeza kuti milandu ya chiwawa yachepa chaka chino, chomwe chachepa ndi milandu yomwe yalembedwa m'mabuku awo. Mwina zigawenga zachepadi. Mwinanso anthu atopa ndi kuyenda mtunda wautali kukadandaula mlandu womwe sudzafika kukhoti, kapena nkhani yathera pabwalo la amfumu, kapena ankhoswe aizimitsa m'nyumba. Kungotsegula polisi yatsopano m'dera kumatha kukweza chiwerengero, umbanda uli momwe unalili.

N'chifukwa chake akatswiri amayamba ndi kuwerenga anthu ophedwa, poti mtembo ndi wovuta kubisa kusiyana ndi bala. Amawerengera pa anthu 100,000 aliwonse kuti dziko lalikulu ndi laling'ono afanizidwe mwachilungamo. Nthambi ya United Nations yoona za umbanda, UNODC, idapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 458,000 adaphedwa ndi anzawo padziko lonse, kutanthauza 5.8 pa 100,000. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amakasaka ntchito, chiwerengerochi chidali pafupifupi 30 pa 100,000 mu 2011, koma pofika 2023 chidakwera kufika pafupifupi 45.

Komabe ngakhale mitembo siiwerengedwa yonse. M'maiko osauka anthu ambiri amafera kumudzi n'kuikidwa mawa lake, popanda dokotala kulemba chomwe chawapha. Apa m'pomwe azaumoyo amalowerera. Bungwe la South African Medical Research Council lidapita kumamotchale kukafufuza mafayilo a amayi ophedwa mu 1999, 2009 ndi 2017, ndipo lidatha kuonetsa kuti ambiri amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi. Ku Cardiff, dokotala wa maopaleshoni a nkhope Jonathan Shepherd adazindikira kuti ambiri mwa omenyedwa omwe ankawasoka sankadziwika kupolisi. Chipatala chidayamba kulemba malo, nthawi ndi chida chomwe munthu wavulazidwa nacho, osatchula dzina, n'kumagawana ndi apolisi komanso akhonsolo.

Njira ina ndi kugogoda khomo ndi khomo n'kufunsa anthu eni ake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16, yemwe idachita National Statistical Office ya ku Zomba, adapeza kuti amayi 34 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi adamenyedwapo kapena kuvulazidwa chikwanitsireni zaka 15. Buku la kupolisi silingatulutse chiwerengero chotere. Vuto ndi lakuti kafukufukuyu amadya ndalama zambiri ndipo amachitika patalipatali. Mafunso akangosintha, zotsatira za kafukufuku wakale ndi watsopano siziyerekezekanso. Komanso mayi sangaulule zambiri bambo atakhala pakhonde akumvetsera.

Choncho mukadzamva pa wailesi kuti chiwawa chatsika ndi maperesenti akutiakuti, funsani kaye: wawerenga ndani, wawerengera kuti, nanga akuchipatala akuti chiyani?