Katswiri anasiya chiwongolero, wa kabaza ku Chingodzi angodzisasa fumbi

Pa 14 Novembala 2013, Dario Franchitti wa ku Scotland analengeza kuti wasiya mpikisano wa galimoto. Anali ndi zaka 40, atatenga kanayi ukatswiri wa IndyCar ku America, ndipo chaka cha 2012 anali atangopambana kachitatu mpikisano wotchuka wa Indianapolis 500. Liwiro linali lisanamuthere. Chimene chinamutsitsa m'galimoto ndi ngozi ya pa 6 Okutobala ku Houston, pomwe galimoto yake inagundana ndi ya Takuma Sato mpikisano uli pafupi kutha, n'kuuluka kukamenya mpanda wa waya. Anathyoka mafupa awiri a msana ndi akakolo a mwendo wakumanja. Koma mafupa amalumikizana. Madokotala anaopa kwambiri za m'mutu, chifukwa aka sikanali koyamba kuti ubongo wake ugwedezeke, ndipo anamuuza kuti akadzachitanso ngozi ina akhoza kulumala mpaka kalekale. Munthuyo anamvera, ngakhale ntchitoyo inkamupatsa ndalama zankhaninkhani.

Tsopano imani madzulo m'mbali mwa msewu wa N7 ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, pakati pa bwalo la ndege ndi mlatho wa Revúbuè, anthu akuweruka ku Moatize ndi kutsidya kwa Zambezi. Ma chapa, ma txopela, galimoto za ku migodi ndi njinga zamoto zonse zimalimbirana kampata kamodzi. Wa kabaza akaterereka pa mchenga wa m'mphepete mwa tara, anzake amathamanga kukadzutsa njinga, mwini wake amadzuka, kudzisasa fumbi, kuyang'ana galasi ngati lasweka, kenako n'kukwera. Pasanathe ola amakhala atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Amene wakhalapo pa benchi la chipatala kuno Loweruka madzulo anawaonapo anyamata otere. Amabwera kudzatsukitsa bala la pa bondo kapena pa chigongono, ndipo za mutu amazitchula pomaliza, ngati atafunsidwa.

Ukamufunsa wogwayo, yankho limakhala lomwelomwelo: "Iyayi achimwene, ine sindinakomoke. Ngakhale magazi sanatuluke." Bodza limeneli landikwana. Mwa anthu amasewera amene ubongo wawo wagwedezeka, okomoka amakhala pafupifupi mmodzi pa khumi alionse. Ena onsewo amadzuka okha, amalankhula, amadziwa dzina lawo. Magazi a pakhungu nawonso sanena kanthu za zimene zachitika mkati mwa chibade. Munthu akhoza kutemeka pamphumi magazi n'kuyenderera pa malaya onse koma ubongo uli bwinobwino, wina osakalika ndi pang'ono pomwe koma ubongo utavulala. Sipafunikanso n'komwe kuti mutu ugunde pansi. Thupi likaima mwadzidzidzi, mutu n'kukankhikira kutsogolo ndi kubwerera, zimakwanira.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo ndi wofewa kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Sunamatiridwe ku chibade. Umayandama m'timadzi tochepa. Ganizirani papaya wakupsa kwambiri ali m'ndowa ya madzi pa kaliyala wa njinga: njinga ikagunda chitsa, ndowa imaima koma papaya amapitirira, kukagunda khoma la ndowa, kubwerera kukagunda linalo, uku akupotokola. Kupotokolako ndiye koopsa. Mu ubongo muli maselo onyamula mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo amatumizirana mauthenga kudzera m'timinyewa tatitali toonda kwambiri moti maso sangatione. Mutu ukazungulira mwamphamvu, mbali zina za ubongo zimatsogola zina n'kutsalira, ndiye timinyewato timakokeka.

Zimene zimatsatira n'zodabwitsa. Selo iliyonse ya ubongo imasunga mchere wa potaziyamu mkati mwake, pamene sodiyamu ndi kashiamu imazisunga kunja. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumapanga timagetsi ta uthenga. Khungu la selo likakokeka limachucha: potaziyamu amatuluka, sodiyamu ndi kashiamu zimalowa, maselo ambirimbiri amayaka nthawi imodzi popanda dongosolo. N'chifukwa chake wogwayo amaona nyenyezi, amamva kulira m'makutu, kapena amayang'ana anthu osawazindikira kwa kamphindi. Kenako maselo amayamba ntchito yobwezera mchere uliwonse pamalo pake, ndipo timapampu tochita zimenezi timadya shuga wambiri. Ubongo ngakhale uli bwino umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi, pamene kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa 100 alionse. Tsono pa nthawi yomwe ukufuna shuga wochuluka chonchi, magazi opita ku ubongo amachepa. Kashiamu amene walowa uja amakaunjikana m'tizigawo ta selo topanga mphamvu n'kutifooketsa. Njala imagwa mu ubongo, ndipo siitha tsiku limodzi. Imatenga masiku, nthawi zina masabata.

Pa zonsezi palibe chothyoka chimene makina angajambule. Ngakhale munthu atalowa mu CT scan, chithunzi chimatuluka choyera. Ena akamva kuti chithunzi chili bwino amayesa kuti dokotala wanena kuti palibe vuto. Chimene chithunzi chanena n'chakuti magazi sakukha mkati ndipo chibade sichinasweke, basi. Litsipa, chizungulire, nseru, kunyansidwa ndi kuwala kwa dzuwa, kuiwala zimene wauzidwa m'mawa, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kusowa tulo kapena kugona mopitirira, zonsezi zimabwera ndithu chithunzi chili choyera. Kunyumba amangoti mwanayu wasintha khalidwe chigwereni, mwina pali dzanja la munthu. Ndalama zimapita kwa asing'anga pa vuto limene likanachepa ndi kupuma.

Akuluakulu ambiri amachira m'kati mwa masabata awiri mpaka anayi. Chimene chinathetsa ntchito ya Franchitti ndi kubwereza. Ubongo umene uli pa njala ija ukagwedezekanso, kagundidwe kakang'ono kamawononga kwambiri ndipo kuchira kumatalika. Munthu amene wagwedezekapo kamodzi savuta kugwedezekanso. Dale Earnhardt Jr., amene anapambana kawiri mpikisano wa Daytona 500, mu 2004 ndi 2014, anavomera yekha kuti kwa zaka ankabisa zizindikiro poopa kulandidwa galimoto. Mu 2016 anachita ngozi ku Michigan mwezi wa Juni, anapitiriza kupikisana, ndipo patapita masabata m'pamene maso anayamba kumuvuta ndi kuyenda dzandidzandi. Anakhala pansi theka lonse lachiwiri la chakacho, n'kudzasiya kupikisana sabata ndi sabata kumapeto kwa 2017. Kurt Busch, katswiri wa NASCAR wa 2004, anagunda khoma ku Pocono mu Julayi 2022, ndipo sanabwererenso mu mpikisano waukuluwo. Anthu awa anali ndi madokotala a ubongo owayeza asanayambe chaka ndiponso akangochita ngozi. Mnyamata wa pa siteji ku Chingodzi ali ndi mwini njinga amene akudikira ndalama yake madzulo, ndiye n'zosadabwitsa kuti amakwera tsiku lomwelo. Koma maso ake akuchedwa kutsata galimoto yobwera m'mbali, dzanja likuchedwa kufika pa buleki, ndipo mpata wogwa kachiwiri ndi waukulu ndendende pa masiku amene ubongo sungapirire kugwa kwina.

Palinso china chimene sichidikira masabata. Pa litsipa, pakati pa diso ndi khutu, chibade ndi chopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Ukaduka, magazi amaunjikana pang'onopang'ono pakati pa chibade ndi ubongo. Munthu akhoza kudzuka, kuseka, kukana kupita kuchipatala, kenako patapita maola n'kuyamba kusinza mpaka osadzukanso. Natasha Richardson, katswiri wa zisudzo, anamwalira chonchi mu Malichi 2009 atagwa pa chipale ku Canada, kugwa kooneka kwamasewera. Patangopita masabata asanu ndi limodzi Franchitti atalengeza zosiya, pa 29 Disembala 2013, Michael Schumacher, amene anatenga ukatswiri wa Formula One kasanu ndi kawiri, anagwa pa chipale ku Méribel ku France n'kumenyetsa mutu pa mwala. Poyamba anali maso. Pofika ku chipatala cha ku Grenoble anali atakomoka, ndipo anachitidwa opaleshoni yochotsa magazi m'mutu. Madokotala ake ananena kuti akanapanda kuvala chisoti sakanafika n'komwe kuchipatalako ali moyo. Kuyambira pamenepo sanaonekenso pagulu.

Apa ndiye tafika pa nkhani ya chisoti, imene kuno imathera pa mawu amodzi: kutentha. Palibe angatsutse kuti Tete amatentha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, tara amachita kunyezimira, ndipo chisoti chotseka nkhope si chinthu chosangalatsa kuvala masana. Koma zoti chisoti chimaphika ubongo kapena kuti n'chimene chimayambitsa mutu waching'alang'ala ndi nkhambakamwa chabe. Oyendetsa Formula One amavala chisoti, chovala chakumutu chosagwira moto ndi ovolosi yokhuthala, m'kabokosi kotentha kuposa msewu wa ku Matundo masana. Ku Qatar mu Okutobala 2023 kutentha kunawasautsa zedi: Esteban Ocon anasanzira m'chisoti mwake, Logan Sargeant analephera kumaliza mpikisano. Bungwe la FIA, loyang'anira mpikisanowu, litakhala pansi linakonza njira zoziziritsira oyendetsa. Nkhani yovula chisoti palibe anaiganizira. Mutu umene umapweteka wa kabaza dzuwa likamapendeka kawirikawiri ndi wa ludzu, munthu atakhala pa dzuwa kuyambira m'mawa ndi kabotolo kamodzi ka zakumwa zopatsa mphamvu.

Bungwe la WHO limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Limatinso chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa mpata wa imfa pa ngozi kopitirira kasanu ndi kamodzi, ndi kuvulala kwa ubongo mpaka ndi magawo 74 pa 100 alionse. Kuvala bwinoko ndiye kumene kumatipita. Chisoti chopachika pa handulo, kapena chokhazika pamutu lamba ali lendelende kuti chingooneka kwa apolisi, chimauluka mutu usanafike pansi. Ndipo popeza tili pafupi ndi migodi ya malasha, zipewa zolimba za pa ntchito zija zalowa pamsewu. Chipewa chimenecho anachipangira mwala kapena chitsulo chogwa kuchokera kumwamba. Chimene chimapulumutsa mu chisoti cha njinga yamoto ndi chinkhupule cholimba choyera cha mkati, chimene chimaphwanyika pang'onopang'ono mutu ukagunda, motero mutu suima nthawi imodzi. Chikaphwanyika kamodzi sichibwerera, choncho chisoti chimene chagwapo ndi munthu chatha ntchito ngakhale kunja chikuwala. Tisanamizanenso: chisoti sichiletsa ubongo kugwedezeka. Franchitti anali nacho chapamwamba kwambiri. Chimaletsa chibade kusweka ndipo chimachepetsa kukha magazi kwa mkati kuja.

Wokwera kumbuyo ndiye sitimutchula n'komwe. Chisoti chikakhalapo chimakhala chimodzi, cha woyendetsa, ndipo mayi wobereka mwana amakwera ndi duku lokha.

Wina akagwa n'kumenyetsa mutu, kapena akaoneka wozunguzika, asakwerenso njinga tsiku limenelo, ndipo asagone yekha m'nyumba usiku woyamba. Kugona sikoletsedwa, bola pakhale womuyang'anira. Panado angathe kumwa, koma asipirini, bulufeni ndi mowa zidikire, chifukwa zikhoza kuwonjezera kukha magazi kapena kubisa zizindikiro. Akayamba kusanza mobwereza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamavuta kudzutsa, akagwa ngati wa khunyu, dzanja kapena mwendo ukafooka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukatuluka magazi kaya timadzi toyera, muolotseni mlatho wa Samora Machel kupita ku Hospital Provincial de Tete usiku womwewo, pa galimoto osati pa njinga. Za tsiku lobwerera pa siteji akanene ndi dokotala, ndipo mwini njinga auzidwe msanga kuti ndalama ya masiku amenewo kulibe.