Tepi Yoyamba ya Bandi: Ku America Amasunga, Ku Balaka Tikutaya

Sitima yochokera ku Limbe isanafike pa Balaka imadutsa pa Utale, dera lotentha la m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, kumene ansembe a chipani cha Montfort adakhazika mishoni mu 1908. Mpaka 1998 dera lonseli linkawerengedwa m'boma la Machinga. Amene adakulira kuno m'zaka za m'ma 1990 adaleredwa ndi nyimbo za kwawo komwe. Pa golosale, pa ukwati, m'nyumba ya aphunzitsi amene anali ndi wailesi ya kaseti, zinkamveka ndi nyimbo za Alleluya Band, za Paul Banda ndi za mng'ono wake Lucius. Anthu omwewo ukawafunsa lero chimbale chimene chili kumtima kwawo, kawirikawiri satchula zatsopano zojambulidwa pa kompyuta. Amabwerera ku matepi oyamba aja, ngakhale mawu ake anali opyapyala ndipo tepiyo ikakalamba inkachita kukokedwa ndi cholembera kuti ibwerere m'malo.

Chikondi chotere si cha kwathu kokha. Ku America kuli magulu amene amawatcha jam band, oti mbiri yawo adaipangira pansanja chifukwa chotalikitsa nyimbo ndi kuisintha usiku uliwonse. Kholo lawo ndi Grateful Dead, gulu limene lidayamba mu 1965 kufupi ndi mzinda wa San Francisco. Pofika 1995, chaka chimene woimba gitala wawo Jerry Garcia adamwalira, anali ataimba pamaso pa anthu maulendo oposa 2,300. Nyimbo yawo yotchedwa Dark Star itatuluka koyamba mu 1968 sinkakwana mphindi 3, koma yomweyo itajambulidwa pansanja mu 1969 idatenga mphindi 23. Chimbale chawo choyamba, cha mu 1967, adachijambula mothamanga m'masiku owerengeka ku Los Angeles, ndipo eni akewo sadakhutire nacho.

Pambuyo pawo padabwera Phish, anyamata amene adakumana pa yunivesite ku Burlington, m'chigawo cha Vermont, mu 1983. Chimbale chawo Junta chidatuluka pa kaseti mu 1989 popanda kampani yaikulu pambuyo pawo, ndipo kampani ya Elektra idadzachitulutsanso mu 1992 gululo litatchuka. Ndi gulu lomweli limene usiku wolowa chaka cha 2000 lidaimba ku Florida kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa kutuluka, maola oposa 7.

Nanga munthu amene amatsata gulu lotere chifukwa cha zochitika pansanja, chimbale cha mu situdiyo amachifuniranji? Amachifuna chifukwa nyimbo imodziyo waimva m'maonekedwe ambirimbiri, ndiye amalakalaka kuiona mmene idalili isanayambe kusintha. Mu Junta muli nyimbo zimene Phish ikuimbabe mpaka lero, zitatalika kuposa pachiyambi. Womvera amamva anyamata osadziwika, opanda ndalama, akuthira nzeru zawo zonse m'maola ochepa amene adatha kulipira. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo chimbale choyamba ndicho m'mera umene umaonetsa ngati gulu lidzabala.

Zonsezi zimatheka chifukwa cha mwambo umodzi. Grateful Dead inkalola anthu kubwera ndi makina awo n'kujambula zoimbaimba zonse, ndipo kuyambira 1984 idawapatsa ojambulawo malo awoawo m'bwalo. Lamulo linali loti matepiwo azisinthana, asamagulitse. Phish idatengera zomwezo. Lero zojambulidwa zikwizikwi za Grateful Dead zili pa Internet Archive, ndipo mwana wobadwa Garcia atamwalira kale angathe kumvera mmene gululo lidaimbira usiku wakutiwakuti wa 1977, n'kuyerekeza ndi chimbale.

Tibwerere kwathu. Alleluya Band idabadwa mu Januwale 1978 pa parishi ya Balaka, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa ku Italy wa chipani chomwe chija chidamanga Utale. Anali achinyamata a mu mpingo, ndipo amene adatsogolera gululo pa zaka zake zoyamba ndi Paul Banda. Lucius adakwera nalo pansanja koyamba mu 1985 ali ndi zaka 15. Nthawi imeneyo woimba wofuna kumveka dziko lonse ankadalira kwambiri situdiyo ya MBC ku Blantyre, wailesi imodzi yokha imene inalipo. Motero anyamata a ku Balaka adatha zaka akuimba m'maholo a tchalitchi, m'masukulu ndi m'mabwalo, nyimbo zikupsa pamaso pa anthu zisanalowe mu tepi. Paul Banda atatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe pa Balaka pomwepo, khomo lidatseguka, ndipo maina monga Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Paul Subili ndi Rod Valamanja adafalikira dziko lonse ndi kaimbidwe kamene anthu adakatcha reggae ya ku Balaka.

Chimbale choyamba cha Lucius, Son of a Poor Man, adachijambulira ku Johannesburg ndipo chidatuluka mu 1994. Ngakhale chidajambulidwa kunja, mwini wake anali atatha kale zaka zambiri akuphunzira pansanja chimene chimamugwira mtima Mmalawi. Chidafikanso pa nthawi yake. Kalata ya maepiskopi ya Malichi 1992 inali itagwedeza boma la chipani chimodzi, riferendamu ya Juni 1993 inali itachitika, ndipo mu Meyi 1994 dziko lidasankha boma latsopano. Nyimbo ya Mabala ya mu chimbalechi inkanena poyera zimene anthu adakhala akunong'onezana zaka 30. Wa ku Utale amene amakonda tepi imeneyo amakumbukiranso chaka chimene adayamba kulankhula osayang'ana kumbuyo. Apa tasiyana kale ndi a ku Vermont: iwo pa chimbale choyamba amamvera zala za oimba, ife timamvera uthenga.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa katalikitsidwe ka nyimbo. Kuchezera usiku wonse ndi nyimbo sitidaphunzire kwa wina. Ku Balaka ndi ku Machinga, pa manganje a tsiku loti anamwali atuluke, ng'oma zimaleka ovina akatopa, ndipo palibe amene amawerenga mphindi. Mabandi athu adalowa m'mwambo womwewo. Zembani Band, imene Lucius adayambitsa mu 1997, kapena Black Missionaries ya ku Chileka, akaona bwalo latentha amaigwira nyimbo pamenepo: bezi ndi ng'oma zimangozungulira, woimba akutchula maina a amene akufupa, ovina akusinthana kutsogolo. Nyimbo ya mphindi 5 imatha kufika mphindi 15. Komabe siichoka m'njira yake. Ku America oimba amasochera dala n'cholinga chopeza chatsopano, omvera akutsata ndi makutu. Kwathu amene amalamula ndi miyendo ya anthu, ndipo woimba akasintha kwambiri, bwalo limamukumbutsa kuti aimbe ngati mmene zilili pa tepi.

N'chifukwa chake kwathu chimbale choyamba chili ndi mphamvu yoposa ya kwawo. Evison Matafale, woyambitsa Black Missionaries, adatulutsa Kuimba 1 mu 1999 n'kumwalira mu Novembala 2001. Black Missionaries yapitiriza kutulutsa zimbale za dzina lomwelo, nambala ikukwera, koma dansi yawo siitha bwino ngati nyimbo za Matafale sizinaimbidwe, ndipo khamu limaimba liwu lililonse pamtima. Wotsata Phish amanyadira akamva nyimbo imene sadaiyembekeze. Wotsata Black Missionaries amabwerera kwawo akudandaula ngati imene adalipirira pakhomo sinaimbidwe.

Anansi athu aliyense ali ndi njira yake. Ku Kinshasa, Franco ndi OK Jazz, gulu lobadwa mu 1956, ankagawa nyimbo pawiri: chigawo cha mawu, kenako sebene, pamene magitala amalukana kufikira ovina atakhuta. Ku Zimbabwe, Alick Macheso, amene magazi ake ndi a kuno kwathu, adalowetsa utali wa pansanja m'zimbale zake, moti nyimbo zake zambiri zimayandikira mphindi 10. Ku Lagos, Fela Kuti ankachita zosiyana ndi onsewa: nyimbo ankaiimba nthawi yaitali ku Shrine, ndipo akangoijambula ankaileka. Kwa iye chimbale chinali mathero a nyimbo, pamene ku Balaka chimbale ndicho chinkaitanira anthu ku dansi.

Koma pali chinthu chimene okonda matepi akale sakonda kuvomera. Zimbale zambiri za m'ma 1990 sizidajambulidwe ndi bandi yonse. Ng'oma zinali za makina, kiyibodi imodzi inkagwira ntchito ya anthu angapo, chifukwa zipangizo zinali zochepa ndipo ndalama zinali zosowa. Bandi yeniyeni, ya woimba ng'oma wotuluka thukuta ndi bezi yogunda pachifuwa, inkamveka pa dansi pokha. Madansi amenewo pafupifupi onse adapita ndi mphepo. Wa ku America akamamvera chimbale choyamba ali ndi matepi ena ambirimbiri oyerekeza nacho. Ife tili ndi kaseti imodzi imene idasunga theka la nkhani, ndipo nayonso ikutha ndi kutentha, fumbi ndi chiswe m'mabokosi a pansi pa bedi.

Oimba athu anali ndi chifukwa chokanira makina a anthu ena. Ndalama zawo zinkachokera ku malonda a matepi kudzera kwa ogulitsa monga O.G. Issa, ndipo okopera mwakuba adawasaukitsa, ngakhale bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liwateteze. Gulu la ku America lodzaza mabwalo a mpira likanatha kulekerera zimene mnyamata wa ku Balaka sakanatha. Koma nyengo yasintha. Kaseti idatha, CD nayo idatsatira, nyimbo anthu akungobena pa msika n'kumatumizirana pa WhatsApp. Ndalama ya woimba tsopano ili pakhomo la dansi, ndendende mmene zidalili kwa Grateful Dead. Kujambula dansi yonse kuchokera pa mikisa n'kuisunga sikungamulande woimba kanthu, ndipo kungakope amene sanamuonepo. Timavidiyo ta pafoni ta mphindi imodzi, tamawu ophwanyika, timasowa tsiku limene foniyo yabedwa kapena yafa.

Lucius Banda adamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ataimba pansanja pafupifupi zaka 40. Zimbale zake tili nazo. Mausiku amene adasandutsa Mabala kukhala nyimbo ya bwalo lonse atsala m'mitu ya amene analipo, ndipo iwonso akukalamba. Alleluya Band ikadalipo, ikuimbabe kuno ndi ku Italy, ndipo ambiri amene adadutsamo akadali moyo moti angathe kufotokoza kuti nyimbo iyi idapekedwa liti, adaimba gitala ndani.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. Inu a ku Utale, Nkaya, Phalula ndi Ulongwe amene mukusunga matepi oyamba a ku Balaka, musawataye ndipo musawasiyire ana aseweretse. Apatseni eni nyimbo kapena mabanja awo kuti awasamutsire pa kompyuta pamodzi ndi zikuto zake. Ndipo inu a mabandi, musadikire wochokera kunja kuti adzakusungireni mbiri: dansi iliyonse muziijambula yonse, n'kulembapo tsiku, malo ndi maina a amene anaimba.