Sola yabwino imaonekera m'chiperoni

Mwezi wa June ukafika ku Chiradzulu, phiri limasowa. Nkhungu imaliphimba kuyambira m'mawa, kamvula kowaza n'kumagwa osaleka, ndipo pamatha masiku atatu kapena anayi anthu osaliona dzuwa. Ichi ndiye chiperoni, nyengo yomwe idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la m'dziko la Mozambique.

Kwa ogulitsa majuzi a kaunjika ino ndi nthawi ya ndalama, koma kwa mabanja omwe adakweza sola padenga ndi nthawi ya mayeso. Nyumba zina ku Namitambo, Mbulumbuzi ndi Namadzi zimawalabe mpaka ana atamaliza kuwerenga. Zina ikangokwana 7 koloko madzulo mababu amayamba kuphethira, TV n'kuthima nkhani zili mkati, mayi n'kuyamba kusakasaka tochi yomwe adaiiwala kalekale.

Dzuwa ndi limodzi lomwelo. Kusiyana kwa nyumbazi kudayambira tsiku logula zipangizo, makamaka pa munthu yemwe adapatsidwa ntchito yoziika.

Kalembera wa mchaka cha 2018 adapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, pomwe oposa theka ankadalira matochi a mabatire. Ngakhale omwe ali ndi mawaya a ESCOM adaona zakuda mu January 2022 pomwe namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Dziko lidataya ma megawatts pafupifupi 130 ndipo makinawo adayambiranso kugwira ntchito mchaka cha 2023. N'zosadabwitsa kuti anthu ambiri adatembenukira ku dzuwa.

Vuto n'lakuti mapanelo, mabatire ndi zipangizo zina zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo idakwera nayo. Banja lomwe lagulitsa nandolo wa chaka chonse, kapena lalandira ndalama kuchokera kwa mwana ku Joni, likalakwitsa kugula kamodzi limatenga nthawi yaitali kuti lipezenso ina.

Ambiri amayambira kusitolo. Amakwera minibasi ya ku Limbe, n'kufunsa panelo yaikulu yomwe ndalama zawo zingakwanitse, n'kubwerako atasenza. Mmisiri amamufuna pambuyo, kaŵirikaŵiri mnyamata wa pamsika yemwe amakonza mawailesi. Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera, chifukwa ntchito ya sola imayamba ndi masamu, ndipo wochita masamuwo ndi mmisiri.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wafika pakhomo n'kufunsa mafunso mpaka mwininyumba kutopa. Mababu angati? Ayaka maola angati? TV ndi yamtundu wanji? Pali filiji, kapena mukuganiza zodzagula chaka chamawa? Yemwe watchula mtengo pafoni asadaone nyumba, akungolota.

Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze banja lili ndi mababu anayi a LED a ma watts 5 lililonse, oyaka maola asanu. Pamenepo pakufunika 100. TV ya ma watts 40 yoonera maola anayi ikufuna 160. Kutchaja mafoni atatu ndi kumvera wailesi kungatenge 50. Zonse pamodzi ndi 310, ndipo poti mphamvu ina imatayikira m'mawaya ndi m'zipangizo, ndi bwino kuwerengera 400 patsiku.

Panelo ya ma watts 150, tsiku la dzuwa labwino, ikhoza kupereka pafupifupi 500. Zikuoneka ngati zakwana. Koma kukachita mitambo yokhuthala, panelo yomweyo imapereka kachigawo kochepa chabe, mwina osafika ndi theka lomwe. Ndiye pa masiku atatu a chiperoni nyumba imadya zomwe idasunga m'batire, monga momwe banja limadyera za m'nkhokwe mwezi wa January.

Batire ndiye mtima wa nkhani yonse, komanso ndi momwe ndalama zambiri zimafera. Batire la 12 volts lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1 200 pa muyeso womwe uja. Koma ngati lili la mtundu wa asidi, lololedwa kugwiritsa ntchito ndi theka lokha, yomwe ndi 600. Kulikama mpaka kuuma tsiku ndi tsiku kumalipha msanga. Choncho banja lathu lija, ndi batire limodzi lotere, lili ndi chakudya cha tsiku limodzi ndi theka basi. Mmisiri woona amanena poyera kuti pafunika mabatire awiri, apo ayi TV izipuma kukachita mitambo. Wofuna ndalama yachangu amangoti zonse zitheka.

Palinso chizolowezi chogula batire la galimoto chifukwa n'lotsika mtengo. Batire limeneli adalipanga kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi poliza injini, kenaka lidzazidwenso nthawi yomweyo. Kuliyatsira mababu usiku wonse kuli ngati kumangirira mbuzi pangolo. Limatha pa miyezi yowerengeka. Loyenera sola ndi lomwe amalitcha deep cycle. Masiku ano kudabweranso mabatire a lithium, omwe ndi odula pogula koma amalola kugwiritsa ntchito mphamvu yochuluka ya m'kati mwake ndipo amakhala zaka zambiri kuposa a asidi. Kwa yemwe angakwanitse, kudulako kumabwezeka chifukwa sagula batire kawiri kapena katatu.

Pakati pa panelo ndi batire pamayenera kukhala kabokosi kotchedwa leguleta, komwe kamaletsa batire kudzaza mopyola komanso kutha mopyola. Ena amakachotsa pofuna kupulumutsa ndalama, n'kulumikiza panelo molunjika ku batire. Ena amakagula ndithu, koma akaona kuti kakuthimitsa TV batire likatsika, amakalambalala ndi waya. Kabokosiko kamakhala kakugwira ntchito yake, ndipo wokalambalala wasainira yekha imfa ya batire lake.

Nayo inveta, yomwe imasandutsa mphamvu ya m'batire kukhala ngati ya ESCOM, ili mitundu iwiri. Yotchipa imatulutsa magetsi okhakhala omwe amaliza wailesi ngati njuchi ndipo amatenthetsa mota ya filiji. Yolembedwa pure sine wave ndiyo imatulutsa magetsi osalala. Ndipo pasakhale wonamiza mnzake: simbi, ketulo ndi mbaula ya magetsi zimafuna ma watts 1 000 kapena kuposa. Sola ya panelo imodzi singazinyamule.

Pa mapanelo, m'misika muli abwino ndi achinyengo osakanikirana, ndipo onse amawala mofanana. Chinyengo chofala ndi cha pa kapepala ka kumbuyo. Njira yochigwirira ndi tepi yoyezera. Panelo yabwino ya masiku ano, yotalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi, imatulutsa ma watts pafupifupi 200. Ndiye mukaona kapanelo kosafika theka la pamenepo katalembedwa 300, dziwani kuti wolembayo anali ndi inki yambiri. Mmisiri weniweni amayenda ndi kachipangizo koyezera magetsi ndipo amayeza panelo padzuwa mwini wake akuona, ndalama isadatuluke m'thumba.

Nanga mmisiri woteroyo apezeka bwanji?

Poyambira ndi mapepala. Bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, MERA, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la mchaka cha 2004, ndilo limapereka ziphaso kwa oika magetsi komanso kwa ochita malonda a zipangizo za mphamvu ya dzuwa. Kufunsa chiphaso si mwano. Ngati munthu akuti adaphunzira ntchitoyi kusukulu ya ntchito zamanja ya pansi pa TEVETA kapena ku Mzuzu University, komwe kuli maphunziro a mphamvu zotere, aonetse satifiketi. Makampani ambiri okhazikika alinso mamembala a bungwe la Renewable Energy Industries Association of Malawi, REIAMA. Safunsa adadya phula.

Koma pepala lokha silikwera padenga. Umboni woposa onse ndi nyumba zomwe mmisiriyo adagwirako ntchito zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Apereke ziwiri, ndipo wofuna kugula apiteko yekha, makamaka madzulo a mwezi wa June kapena July. Afunse eni ake ngati batire lidasinthidwapo, ngati denga likudontha, komanso ngati mmisiriyo amayankha foni zinthu zikavuta. Funso lomalizali ndi lomwe limagwetsa ambiri. Wochokera kutali yemwe amangodutsa ndi galimoto tsiku la msika akhoza kukhala wotchipa lero, koma fyuzi ikapsa sadzaoneka.

Tsiku loika, pali zinthu zomwe ngakhale agogo angathe kuziona ali pansi. Malawi ali kummwera kwa dziko lapansi, choncho miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, itapendekeka pang'ono, madigiri pafupifupi 15, kuti mvula izitsuka fumbi. Yoyang'ana kummwera imataya mphamvu m'miyezi yomweyo yomwe dzuwa ndi losowa kale. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena wa dishi ya TV, ngakhale utaphimba kangodya chabe, umatsitsa mphamvu ya panelo yonse. Pansi pake pazikhala mpata wopita mphepo, chifukwa panelo yogona pamalata otentha a mu October imafooka.

Kamangidwe nako n'kofunika. Anthu a ku Chiradzulu sangaiwale namondwe wa Freddy wa mu March 2023, yemwe adakokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Mphepo yocheperapo kuposa imeneyo imakwanitsa kuulutsa panelo yomangidwa ndi linya kapena yotsamiritsidwa ndi njerwa. Pafunika felemu yachitsulo yomangidwa ndi mabawuti ku mitengo ya denga, ndipo mabowo onse atsekedwe bwino.

M'nyumba, mawaya ochokera ku batire akhale onenepa, ndipo pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Waya wowonda wa sipika amatentha ndipo akhoza kuyatsa nyumba. Batire la asidi limatulutsa mpweya womwe umatha kuyaka, choncho lisakhale kuchipinda chogona kapena pafupi ndi mbaula. Kwa omwe nyumba yawo ili kale ndi magetsi a ESCOM, pafunika switchi yolekanitsa magetsi awiriwa. Popanda iyo, mphamvu ya inveta ikhoza kubwerera m'mawaya a panja n'kuvulaza wantchito yemwe wakwera pa pholo akuganiza kuti magetsi azima.

Si banja lililonse lomwe likufunika zonsezi. Kwa ofuna mababu atatu kapena anayi, wailesi ndi potchajira foni, pali timasola tobwera m'bokosi limodzi tomwe makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE akhala akugulitsa molipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Malondawa adalimbikitsidwa ndi thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, lomwe lidayamba ngati gawo la ntchito ya Malawi Electricity Access Project yomwe World Bank idavomereza mchaka cha 2019 ndi ndalama zokwana $150 miliyoni. Ubwino wake ndi wakuti zipangizo zonse zimakhala zoyezedwa kale kuti zigwirizane. Koma wogula afunse mtengo wonse akadzamaliza kulipira, chifukwa umaposa wa kugula kamodzi, ndipo adziwe kuti akadumphitsa kulipira kabokosiko kamadzitseka kokha. Kuonjezerapo filiji pambuyo pake nthawi zambiri sikutheka.

Njira iliyonse yomwe banja lasankha, pasakhale mgwirizano wa pakamwa. Mmisiri alembe dzina la chipangizo chilichonse, kukula kwake, mtengo wake, ndi nthawi yomwe chikaonongeka chidzasinthidwe mwaulere, makamaka batire ndi inveta. Ndi nzeru kusunga gawo lina la malipiro mpaka sola itagwira ntchito sabata imodzi kapena ziwiri. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula omwe agulitsidwa katundu wachinyengo, koma wodandaula wopanda lisiti amavutika kuonetsa komwe adagula.

Pa lisiti lomwelo palembedwenso manambala a kumbuyo kwa panelo ndi a pa batire. Mapanelo amabedwa, ndipo apolisi akawapeza pamsika amafuna mwini wake aonetse kuti ndi ake.