Porsche yomwe ankafuna kuitaya ndi yomwe ikudula lero

Inu amalonda mukudziwa kuti katundu wabwino ndi katundu woyenda malonda n'zosiyana. Ndiye tamvani za magalimoto awiri a kampani ya Porsche ya ku Stuttgart, ku Germany. Onse ndi a zitseko ziwiri, onse ndi aliwiro, koma pamsika tsogolo lawo linasiyana kutalitali.

Woyamba ndi 911, yomwe anaionetsa koyamba mu 1963. Injini yake ili kumbuyo, ndipo kufikira mu 1998 inkazizira ndi mphepo chabe ngati Volkswagen Beetle, yopanda radiyeta. Pofika zaka za m'ma 1970 bwana wa kampaniyo, Ernst Fuhrmann, anaona kuti galimotoyi yakalamba. Basi mu 1977 anatulutsa 928 kuti ilowe m'malo mwake.

Kunena zoona 928 inali chilombo. Injini ya V8 ya malita 4.5 kutsogolo, yozizira ndi madzi, mphamvu 240 horsepower, pamene 911 SC ya 1978 inali ndi 180 basi. Chaka chomwecho cha 1978 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya konse. Yomaliza, ya mtundu wa GTS, inafika pa 350 horsepower ndipo inkathamanga makilomita 275 pa ola. Pakona imakhazikika bwinobwino. Mnzakeyu ayi, kulemera kuli kumbuyo, ukachotsa phazi pamoto pakati pa kona mbuyo imafuna kupitirira kutsogolo. Kukhala ine, wondipatsa ulendo wautali, ndingakwere 928 osaganiza kawiri.

Koma ogula anakana. Ati Porsche yeniyeni ndi yaphokoso lija la kumbuyo, osati iyi yofewa ngati ya abwana, yomwenso zambiri zinali za otomatiki. Mu 1981 kunabwera bwana watsopano, Peter Schutz. Ameneyu atapeza tchati pakhoma chosonyeza kuti 911 ikutha, anatenga cholembera n'kupitiriza mzere wake mpaka kutuluka papepala kukwera khoma. Nkhani inathera pomwepo. Mu 1995 anasiya kupanga 928 atapanga pafupifupi 61,000, pamene 911 inakwana miliyoni imodzi mu 2017 ndipo akuipangabe.

Nanga pa ndalama? Apa 911 yozizira ndi mphepo ndiye dolo. Ya mtundu wa Carrera RS 2.7 ya 1973 anapanga 1,580 zokha, ndipo ina inagulidwapo pa okushoni ndalama zoposa madola miliyoni imodzi. Kwa zaka zambiri 928 yakale inkagulitsidwa motchipa, ogula n'kumaisiya pabwalo chifukwa kuikonza kumadya thumba. Mawaya ake ndi ambirimbiri, ndipo pa injini za mavalavu 32, lamba wa taimingi akaduka mapisitoni amamenya mavalavu, injini yonse kulowa m'garaja. Wogula yotchipa ija amalipira kawiri, amangwetu.

Masiku ano mtengo wa 928 wayamba kukwera, makamaka GTS ya giya yamanja chifukwa zilipo zochepa. Ndipo imodzi inadabwitsa anthu mu 2021 pogulidwa madola 1.98 miliyoni. Musathamangire kunena kuti msika watembenuka, abale. Imeneyo inali yomwe Tom Cruise anayendetsa mufilimu ya Risky Business ya 1983, ndipo wogulayo ankalipirira dzina la Cruise.